Njere Zoyandama za Hudson

Ambokile anakhuthula chitini chonse m'beseni la madzi, n'kuvundula ndi chala.

"Mwaona, alamu? Zonse zayandama. Mbewu yoyandama ndi mankhusu basi. Mpunga timauyesa choncho."

Zinali njere za magalagadeya akutchire, zimene Hudson, mwamuna wa Thelma, ankatola m'mitsinje ya ku Lupembe, anthu akumuseka kuti mlangizi wathunthu akulimbirana chakudya ndi mbalame. Hudson anaikidwa m'manda Lachisanu, mwana sanasiye. Ndiye abale anali atagamula kale: kamunda kake koyesera mbewu kalimidwe chinangwa, Thelma, mayi wa ku Zombayu, akwere basi ya mawa abwerere kwawo. Khadi la chipani anamufunira, kuti asakamutsitse panjira. Chisamaliro chawo chinathera pomwepo.

"Hudson sankayesa choncho," anatero Thelma. "Zikuyandama chifukwa cha timakoko touma. Izi zimachedwa kumera, koma..."

"Mkulu wanga ndinkamukonda, alamu, koma zinazi zinali zachibwana. Ana anga sadzadya maluwa."

Ambokile anakhuthulira madziwo kuseri kwa khola, napita kukhonde komwe abale ankacheza m'Chinkhonde. Zaka zonsezi Hudson ndiye ankamumasulira Thelma chapansipansi m'khutu. Tsopano ankangomva dzina lake likudutsa, osadziwa ngati akumumvera chisoni kapena akumunena. Kusungulumwa kwake, abale inu, kunali kosaneneka.

Kuseri kuja nkhuku zinali zitayamba kale kujompha. Thelma anaziingitsa, nagwada m'matopemo, n'kutola njere imodzi. Anailuma ndi mano akutsogolo, monga ankachitira Hudson. Mkati munali moyera, molimba. Yamoyo! Analuma ina. Yamoyonso. Analira pamenepo, mwakachetechete, kulira kumene kunamukanika kumanda.

Anatola zonse zimene nkhuku zinasiya. Akanatha kuzimanga pansonga ya chitenje, akadzale ku Zomba, akhale ndi kake kokumbukira. Koma Hudson sankatero. Iye ankadzala m'mipanda ya anthu osawauza, ndipo maluwa akatuluka ankadzaima nawo limodzi n'kumadabwa, ngati sakudziwa kanthu.

Thelma anayenda motsata mpanda wa Ambokile, akuboola dothi ndi chala, kuponyamo njere, n'kukwirira ndi chidendene.

"Mwataya chiyani uko, alamu?" anafuula Ambokile ali pakhonde.

"Palibe, alamu," anayankha Thelma, osadzutsa mutu. "Pitirizani kucheza."