Uthenga Umene Woyimbitsa Kwaya Anatumiza

Chiyambireni mkangano wa malire pakati pa maiko awiri oyandikana, mafoni sankapuma. Lachiwiri m'mawa, woyimbitsa kwaya analandira uthenga wa mawu wakuti anthu olankhula chinenero cha kutsidya akuthira poizoni m'zitsime. Asanamalize n'komwe kuumvera, anautumiza ku gulu la kwaya la pafoni, nawonjezera kuti, "Abale, tikhale maso m'pemphero."

Pofika Lachinayi, anthu anali atagenda shopu ya mlamu wake, telala, mkazi wa malemu mkulu wake. Mayiyu anabadwira kutsidya, koma anali atakhala pakati pawo zaka makumi awiri, akuimba nawo kwaya.

Madzulo ake, mphunzitsi wina wa mumpingomo anaitanira woyimbitsa kwaya pakhonde la tchalitchi.

"Akulu, tamverani ichi. Wanditumizira msuweni wanga wa kutsidya."

Anali mawu a munthu yemweyo, ngakhale katsokomoledwe kake. Koma apa ankalankhula chinenero cha kutsidya, akunena kuti othira poizoni ndi a kuno.

"Pakamwa pamodzi, mabodza awiri," anatero mphunzitsi. "Nkhondo ya masiku ano sidalira mfuti zokha. Alipo olembedwa ntchito yodanitsa anthu, ndipo owasenzera katundu ndife. Kodi zitsimezo munaziona?"

Woyimbitsa kwaya ananyamuka kulunjika ku shopu kuja.

Anakapeza mlamu wake akusesa magalasi, katundu atamanga kale kudikira basi ya Lolemba.

"Alamu, uthenga uja ndinatumiza ndine."

"Ndikudziwa. Pagulupo ndiliponso, kapena munaiwala?"

"Sindinkanena inu. Inu ndinu wathu."

"Miyala sinafunse zimenezo."

Woyimbitsa kwaya anagwada pomwepo, misozi ili mbwembwembwe. "Chonde musachoke."

"Dzukani, mungadzicheke, anthu anene kuti ndakubayani," anatero mayiyo. "Munandinyazitsa pagulu, alamu. Musandipepese kuseri kwa chitseko."

Lamulungu, nyimbo yoyamba isanayambe, woyimbitsa kwaya anaimirira pamaso pa mpingo. Anaulula kuti anachitira mnzake umboni wonama, naikira anthu mauthenga awiri aja kuti amve. Ambiri anaweramitsa nkhope, pakuti nawonso anali atatumiza.

Mlamu wake anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo tsikulo sanaimbe. Koma basi ya Lolemba inanyamuka popanda iye.

Phunziro: Uthenga wokuuza kuti uope mnansi chifukwa cha chinenero chake, uufufuze usanautumize. Chala chako nacho chidzayankha pamaso pa Mulungu.