Moto wa Mbewa Pafupi ndi Injini ya Madzi

Udzu wozungulila kanyumba ka injini ya madzi unali utafika m'khosi, wouma gwa, ndipo ine mtima sunali m'malo. Chinali chaka cha 1978, mwezi wa Sepitembala, kuno kwa Mwape. Injiniyo ndiyo inkakoka madzi pachitsime chakuya n'kuwakankhila mu thanki ya pamtunda, ndipo thankiyo inkapatsa madzi mpopi wa m'mudzi ndi kachipatala kathu. Mwana wanga woyamba, Christabel, anali ndi pakati, masiku atatsala owelengeka. Anamwino anali atatiuza poyela kuti madzi akasowa sachilitsa mayi pamenepo, amamutumiza ku boma ku Petauke. Ku Petauke, abale! Lole yake inkabwela kamodzi pa sabata, ndipo msewu wake unkathyola msana ngakhale munthu wabwinobwino.

Woyang'anila injiniyo anali a Sitali, amene boma linawatumiza kuchokela ku Mongu, dziko la madzi osefukila. Katatu konse anaimilila pamsonkhano wa seksheni, chigawo chathu cha m'mudzi, kutipempha kuti tilambule udzu kuzungulila kanyumbako, ndiponso tikwilile paipi ya pulasitiki imene inangoyalidwa pamwamba pa dothi. Azibambo ankangoseka. Ati munthu wokulila m'madzi angadziwe chiyani za moto wa kutchile? Amuna anga, a Wiseman Njobvu, ndiwo anali patsogolo. Ankati injini ndi ya boma, boma lomwelo libwele ndi makasu ake.

Lachinayi masana ndinawaona akutenga khasu, thumba ndi machesi. Kwathu kuno mbewa timasaka potentha tchile kuti mauna aoneke, ndipo a Wiseman pa mbewa simungawauze kanthu.

“Atate a Christabel, mphepo iyi si yabwino. Dikilani tilambule kaye kuinjini,” ndinatelo.

“Ndinayamba kusaka mbewa inu musanamele mano,” anayankha, uku akupita kudambo.

Ndinayesa kusinja, zinakanika. Ndinayesa kusenda nshawa, maso ali kudambo. Sipanapite nthawi, utsi unakwela. Poyamba unkapita kum'mawa, kutali ndi ife. Kenaka mphepo inatembenuka monga imachitila mwezi umenewu, moto n'kuyamba kuthamangila kukanyumba kaja, kumene kunalinso dilamu yodzaza dizilo.

Ndinathamanga ndikukuwa, chitenje chili m'manja. Azimayi anathyola nthambi zaziwisi kuti akamenye motowo, koma a Sitali anawaletsa. Anati moto waukulu chotelo sumenyedwa pamaso pake, ungatenthe munthu. Anauza amuna awili kuti agubuduze dilamu ya dizilo kupita pabwalo la sukulu, ife tonse n'kutiimika pamzele ndi makasu kuti tilambule msewu pakati pa moto ndi kanyumba. Tinalima ngati amisala, utsi uli m'maso, phulusa lili m'kamwa. Ntchito imene tinaikana miyezi itatu tinaigwila mosapumila. A Wiseman anatulukila mu utsi nsidze zitawauka, thumba la mbewa atataya, n'kugwila khasu pafupi ndi ine.

Moto unafika pamene tinalambulapo, unanyambita dothi, n'kuzima. Injini inapulumuka. Koma paipi ija inali itasungunuka mapazi makumi awili, ndipo madzi a mu thanki anali atathela pansi.

Ine ndinangokhala pansi n'kulila. Ndinakwiya ndi amuna anga, ndinakwiyanso ndekha, chifukwa pamisonkhano ija nanenso ndinkangokhala chete. A Sitali sanakalipile munthu. Anati ali ndi paipi yosungila m'kanyumbamo, koma sadzailumikiza mpaka titakumba ngalande yofika m'bondo kuyambila painjini kukafika pathanki. Anatinso pa masiku amenewo kachipatala kasagone kopanda madzi: nyumba iliyonse itunge ndowa ziwili kumtsinje, madziwo tiwawilitse, tidzaze madilamu awili a anamwino.

“Bambo Njobvu,” anatelo, “boma linabweletsa injini, koma boma silimwa pampopi uwu. Amene amamwapo ndi inu ndi mdzukulu wanu akubwelayu.”

A Wiseman ananyamula khasu lawo n'kuyamba kukumba ngalandeyo.

Masiku awili amenewo sindidzawaiwala. Azibambo ankakumba, ife tikupita ndi kubwela kumtsinje, ine maso ali pa Christabel. Akangogwila msana, mtima wanga unkati phaa. Lachisanu madzulo anati akumva kupweteka pang'ono, ndipo anamwino anati madzi a m'madilamu angathandize pochila, koma sangakwanile kutsuka zonse ndi kusamalila amayi ena atatu amene anali m'chipindamo. Lole inali kubwela Loweluka masana. Madzi akapanda kutuluka isanafike, Christabel akwela.

Loweluka a Wiseman anali m'ngalande tambala atangolila, manja atatuluka matuza. Cha m'ma teni a Sitali analumikiza paipi, tinakwilila, iwo n'kupukusa injini. Inatsokomola kawili, kenaka inagunda. Tinadikila pampopi wa kuchipatala, ndipo unayamba ndi mphepo yokhayokha, kenaka madzi ofiila, kenaka oyela. Lole inafika, inaima, inapita yopanda mwana wanga.

Christabel anachila dzuwa litapendeka, mwana wamkazi. Ndowa yoyamba yomusambitsila anaisenza pamutu ndi a Wiseman eni ake, madzi akuwatayikila m'khosi, azimayi onse akuseka. Iwo sanasamale.

Kuyambila chaka chimenecho, mwezi wa Meyi ukafika seksheni yathu imalambula kuinjini ndi kuthanki udzu usanaume. Dizilo imasungidwa m'kanyumba kakekake, ndipo madilamu a kuchipatala sakhala opanda madzi. Mbewa timadyabe, koma palibe amayatsa moto kudambo asanauze woyang'anila injini, ndipo amene amakumbutsa anthu ndi a Wiseman, mdzukulu ali pa mwendo.

Abale anga, injini, thanki ndi paipi za madzi m'mudzi mwanu ndi zanu. Lambulani udzu pozizungulila, kwililani mapaipi, sungani madzi apadela, ndipo musadikile kuona utsi kuti mugwile khasu.