Nkhosa ya M'bafa

A Chipewa sankatha kukhazikika m'mawa umenewo. Akati akhale pa ndowa, adzuka. Akafika pakhola, abwereranso. Dokotala wa ziweto, mayi wamfupi wovala majombo, anali atayamba kale kubaya nkhosa katemera wa matenda a pakhungu. Mwana wamkazi wa a Chipewa ndiye ankazigwira, ndipo yobayidwa ankaipaka utoto wofiira pamphumi.

Nkhosa imodzi sinali m'kholamo. A Chipewa anali ataitsekera m'bafa, kuseri kwa nyumba. Inali ya malemu akazi awo. Kwa masiku atatu ntchentche zinkaiunjirira kumchira, ndipo dzulo lake atapatula ubweya anapeza mphutsi zikuyenda m'chilonda. Ankaopa kuti dokotala akangoiona anena kuti iphedwe.

"Bambo, ya amayi ija ili kuti?" anafunsa mwana wawo.

"Ili kwa anzanga."

"Inayamba liti nkhosa kupita kocheza?"

"Gwira mwendowo iwe, iwaponda adokotala."

Atamaliza, dokotala anapempha madzi osamba m'manja. A Chipewa anathamangira ndowa, koma mayiyo anali atalowera kale kuseri. Pachitseko cha bafa panali patadzaza ntchentche zobiriwira.

"Akusamba ndani umu, bambo?" anafunsa dokotala.

"Mlendo."

Mlendoyo analira m'katimo, mee.

A Chipewa anatsegula okha. Fungo linayamba kutuluka, nkhosa pambuyo. Dokotala anagwada n'kuyamba kumeta ubweya wa kumchira ndi sizasi. A Chipewa anavula chipewa chawo, chimene mwana wawo sanachione chili m'manja chiikireni maliro a amayi ake.

"Musaiphe, mayi," anatero.

"Zopha wanena ndani? Mukanaisunga muno masiku ena awiri ikanafa yokha. Gwirani mutu."

Anachotsa mphutsi imodziimodzi, natsuka chilondacho, n'kuthirapo mankhwala. Nkhosa inkanjenjemera m'manja mwa a Chipewa.

"Katemera sitibaya yodwala. Ichire kaye, ndidzaibaya pakatha masabata awiri. Muziitsuka m'mawa uliwonse, ndipo ikhale poyera, osati m'bafa."

"Nanga ife tisambe kuti lero, bambo?" anafunsa mwana wawo akutsina mphuno.

A Chipewa anakokera ndowa pafupi ndi nkhosayo, nakhala pansi, n'kuyamba kuingitsa ntchentche ndi chipewa.