Ulusi Wofiira pa Mkono wa Yande

Ulusiwo ndinauona pamene Yande ankasamba m'manja pa sinki. Unali wofiira, wolukidwa bwino, ndipo pakati pake panalendewera kakavalo kachitsulo.

Yande ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga Exildah. Ndamulera ndekha muno m'mafulati a ku Kabwata kuyambira ali ndi zaka zinayi. Ankagulitsa matailosi m'sitolo ya Matchaina kufupi ndi City Market.

"Chimenecho n'chiyani, iwe?"

"Ah, Ambuya, mwayambako. Ni ba Madamu ba ku sitolo banipasa. Kwao chaka chiyamba mu Febuluwale, ndipo chaka chilichonse chili na nyama yake. Ichi ni cha kavalo. Na ine ninabadwa mu chaka cha kavalo, bakuti nizivala chofiila kuti tsoka linipitilile."

"Unabadwa ine ndili pakhomo la wodi. Kavalo sindinamuonepo."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka anatsegula foni n'kundiwerengera, poti ine kusukulu sindinapondeko. Akuti obadwa m'chaka cha kavalo achenjere: chaka chino adzasamuka, ndipo wowapweteka adzakhala wa m'nyumba mwawo momwe.

Wa m'nyumba? Muno tilimo awiri basi.

Ndinamuchenjeza monga ndimachitira. Chinthu chomanga pathupi salandira kwa munthu amene kumudzi kwawo sukudziwa. Mtsikana wina wa ku Chelstone analandira mphete kwa abwana ake, lero amalankhula yekha pa siteshoni. Amayi ako nawonso ankandiseka chonchi, ali kuti lero?

"Ni kaulusi chabe, Ambuya."

Sabata yonse maso anga anali pa mkonowo. Lamlungu m'mawa anauiwala pa zenera la bafa pothamangira kwaya. Sindinaugwire ndi manja. Ndinautola ndi supuni, n'kuukulunga m'pulasitiki, n'kumanga pansonga ya chitenje.

Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kuti Abusa Gerald aupempherere mwakachetechete n'kuutentha kuseri. Ndinawapatsa pakhomo la tchalitchi mapemphero asanayambe, ndikunong'ona.

Pakati pa ulaliki anaukweza m'mwamba, maikolofoni ili kukamwa.

"Muno muli mwana wamkazi womangidwa ndi mzimu wa nyama! Yande, bwera kutsogolo!"

Anamutsitsa mu kwaya, atavala bulauzi yake yoyera. Azimayi awiri anamugwira mikono, mafuta akumuthira pamutu, mpingo wonse ukukuwa kuti tuluka, tuluka. Mafoni anali m'mwamba ngati mapesi. Yande sanagwe, sanalire. Anangondiyang'ana ine, pa benchi yachitatu.

Pofika Lachiwiri kanemayo anali atazungulira tauni. Onyamula katundu pa City Market ankamulirira ngati kavalo akamadutsa. Ogula ena ankakana kulandira lisiti m'manja mwake. Abwana ake, powona zimenezo, anamufunsa ngati angapite ku sitolo yawo ina ku Solwezi. Anavomera asanandiuze.

Lachisanu ndinamupeza akupinda zovala.

"Ndimafuna kukuteteza, mwanawe."

"Niziba, Ambuya."

"Ku Solwezi kuli malole, kuli amuna a m'migodi, madzi ake..."

"Niziba."

Anandigulira ufa ndi makala, n'kundisonyeza pa foni pamene ndizidina akaimba. Pakhomo anagwada monga ndinamuphunzitsira. Ndinafunsa za Khirisimasi. Anati mwina.

Abusa akuti mzimu uja ndiwo wamutenga, ndizisala kudya. Amake Agness a pafulati yapansi akuti Matchaina analosera zoona, mawu ndi mawu. Foni ija sinatchule dzina la munthu, koma supuni ndinagwira ndine.

Ulusi uja Abusa anautentha kuseri kwa tchalitchi. Kakavalo sikanapse. Ndinakatola m'phulusa, kali bii, ndipo tsopano kali m'chitini cha mabatani pansi pa bedi la Yande. Kukasunga ndikuopa. Kukataya ndikuopanso, poti mwina kankamutetezadi, ndipo chaka chake changoyamba kumene.