Bilu ya Magetsi Yolipiridwa Kale

Darlene Hutchins ankaikonda kompyuta yake kuposa anthu ambiri a m'tauni ya Erie, ndipo palibe angamunene. Kompyuta sifunsa kuti chipsera cha pachibwanocho chinabwera bwanji. Chithawireni mwamuna wake Dwight ku Dayton m'chilimwe cha 1991, iye ndi mwana wake Renee ankakhala m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, pachitseko popanda dzina. Ntchito yake inali yotayipa zimene madokotala ajambula pa matepi, ndipo ankagwirira m'nyumba momwemo.

Mabilu nawo ankalipira ali khale pampando. Ankangolowetsa disiki, kulemba ndalama, kachipangizo ka pafoni n'kulira ngati mphaka wopondedwa mchira, basi lendi yapita, magetsi apita. Kunalibe zopita ku positi ofesi kapena kuima pamzera kubanki uku akucheukacheuka. Kwa munthu wobisala, chimenechi chinali chifundo cha Mulungu.

Lachitatu lina m'mawa, Renee atapita kusukulu, chipale chogwa usiku chitakwirira msewu wonse, Darlene anakhala pansi kuti alipire magetsi. Kompyuta inamuyankha kuti bilu imeneyo yalipiridwa kale. Anayesanso, yankho lomwelo. Anaimba foni kukampani ya pulogalamu yolipirira mabiluyo mtima uli m'mwamba.

"Muli bwanji mayi, ndine Curtis, ndikuthandizeni chiyani?" Anali mnyamata wa mawu osangalala, wooneka kuti wadya bwino m'mawa umenewo.

Darlene anafotokoza, natchula nambala yake ya pulogalamuyo.

"Eee, ndaiona. Musadandaule, mayi, zonse zili bwinobwino. Yalipiridwa Lolemba kuchokera pa kompyuta yanu inayo."

"Inayo iti? Ine ndili ndi imodzi."

"Ya ku Dayton ija. Nambala yake ndi imodzimodziyo. Iliyonse ikaimba kuno, makina athu amaitumizira zonse zatsopano. Ubwino wake ndi umenewotu!"

Pothawa Darlene anasintha banki, anasintha galimoto, tsitsi analidaya, ngakhale kutchalitchi anasiya. Nambala ya pulogalamu yokha ndiyo anaisiya momwemo, chifukwa yatsopano inkafuna kudikira masabata, ndipo Dwight kompyuta sankaikhudza n'komwe. Ankaitcha wailesi yakanema yopanda mpira. Choipitsitsa, anali Darlene yemweyo amene kalelo anaiuza kompyuta ya ku Dayton kuti izikumbukira yokha nambala yachinsinsi, poti Dwight akaiwala chinthu, mbale zinkauluka m'nyumba.

"Achimwene," anatero Darlene, "munthu akamalipira, pagalasi la kompyutapo pamaoneka chiyani?"

"Dzina la kampani ya magetsi ndi nambala ya akaunti, basi."

"Adiresi ya nyumba?"

"Ayi, imeneyo sioneka."

Darlene anausa moyo mtima utakhala pansi, natsamira khoma. Koma Curtis anali asanamalize, ndipo anthu okoma mtima ngati iye samaliza msanga.

"N'chifukwa chake amuna anu anachita kuimba dzulo madzulo. Ndinawalandira ine ndemwe! Akuti amaopa kuti mwina alipirira nyumba ya eni. Mafunso onse anayankha bwinobwino, mpaka dzina la kwawo la mayi anu, ndiye ndinawawerengera adiresiyo. Msewu wa Poplar, pamwamba pa sitolo, si choncho? Aa, koma ndaulula! Anandipempha ndisakuuzeni, akuti akufuna akudzidzimutseni. Amuna otere ndi osowa masiku ano, mayi."

"Mwandipha," anatero Darlene.

"Pepani, mwati bwanji?"

"Mwandipha, achimwene! Fufutani zonsezo, tsekani, chitani chilichonse, chonde!"

"Kutseka kumafuna kalata yosainidwa, mayi. Koma ngati pali vuto ndikhoza kukupatsani abwana anga..."

Darlene anaika foni pansi. Atseka chiyani, mawu atatuluka kale dzulo? Kuchokera ku Dayton kufika ku Erie ndi ulendo wosakwana tsiku, ngakhale msewu utaterera chotani. Anasendera pawindo chokwawa, nasuzumira m'mphepete mwa katani. Magalimoto onse mumsewumo anali atakwiririka ndi chipale, kupatula imodzi yobiriwira tsidya linalo, denga lake lopanda chipale. Sanaidziwe. Mwina inali ya kasitomala wa nsapato. Mwina Dwight nayenso anaphunzira kusintha galimoto.

Mantha anamugwira mpaka m'mano, koma manja anadziwa chochita. Anatenga chikwama, mankhwala a mphumu a Renee, ndi ndalama za m'chitini cha khofi. Kompyuta anaiyang'ana kamodzi. Ndiyo inkawadyetsa, koma inali yolemera, yosatheka kuthamanga nayo. Anayatsa magetsi onse ndi wailesi kuti wa panja aziyesa muli munthu, natsikira masitepe a kuseri, kumene wa sitolo amataya makatoni.

Anathamanga m'tinjira ta kuseri kwa nyumba, akuterereka, akugwa, akudzuka, pakamwa pakungotuluka mawu amodzi: Ambuye, ndifike ndine poyamba. Pageti la sukulu panalibe galimoto yobiriwira. Mlembi wa sukulu anamuitana kuti asaine m'buku, iye anangomudutsa.

M'kalasi ana ankajambula. Renee anali pakati pa atsikana awiri, akuseka, pamphuno pali utoto. Aka kanali koyamba m'moyo wake kukhala ndi anzake oti n'kuseka nawo chonchi. Anatukula mutu, naona amayi ake pakhomo, mawondo ali nyowe, tsitsi lili nyankhalala.

Kuseka kuja kunangozima. Anatseka bokosi la makrayoni, nakatenga jekete lake pamsomali. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa buku la kulaibulale, napita nalo kutsogolo ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, buku lanu ili," anatero mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri uja. "Sindinamalize, koma sindibweranso."