Ndevu za Achimwene

"Zaka makumi atatu ndikumeta anthu, ndipo funsani aliyense mumsewu muno: sindinatemepo munthu, sindinadikiritsepo munthu. Dzanja ili likadzanjenjemera, mudzathamangire kogula bokosi, ndiye kuti ndapita."

Ankatero a Chipeso tsiku ndi tsiku m'kachipinda kawo kometera, momwe munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yomwe inkadzaza ndi anthu osabwera kudzameta. Dzina la Chipeso anawapatsa ndi achipongwe a pabenchipo, poti eniake anali ndi dazi losalala ngati bondo.

Koma panali chinthu chomwe a pabenchi sankachidziwa. A Chipeso ankaopa chipatala. Akazi awo analowamo ndi miyendo yawo, akudandaula mutu chabe, n'kuwauza kuti asatseke shopu, iwo abwerako masana. Anatulukamo atafunditsidwa nsalu mpaka kumaso. Kuyambira pamenepo, zaka zisanu ndi ziwiri, fungo la mankhwala okolopera likangowapeza, mawondo ankasungunuka ngati kandulo. Msewu wa kuchipatala ankaulambalala, n'kumati akuwongola miyendo.

Lolemba m'mawa anatulukira alamu awo, akazi a achimwene awo aakulu, atanyamula fulasiki yopanda kanthu. Anawaitanira panja.

"Alamu, akulu anu awagoneka m'chipatala. Chifuwa chija chakula. Ndevu zafika apa, koma akukana aliyense. Dzulo anesi anabwera ndi lezala, iwo akuti, 'Chibwano ichi chili ndi mwiniwake.'"

"Iwo aja! Chibwano chokhota ngati ngodya ya tebulo, ndani wina angachithe? Kawauzeni ndikubwera."

"Liti?"

"Ine ndinadikiritsapo munthu?"

 Alamuwo ankadziwa za mantha aja.

A Chipeso anali ndi njira yawo yometera ana oopa makina. Sugwira mwana pakhosi ayi. Umayamba wamupatsa makinawo ali ozimitsa, awagwiregwire. Kenako uwayatse ali kutali. Kenako uwaike pamkono pake amve kuti akungonjenjemera, saluma. Pofika kumutu, mwana amakhala akuseka. Anadziyang'ana pagalasi long'alukalo nati, "Iwe dazi iwe, khala pampando. Lero mwana ndiwe."

Lachiwiri anatseka shopu masana, nayenda msewu uja mpaka pageti la chipatala. Anagwira chitsulo chake, nawerenga mpaka khumi, nabwerera. Panjira ankadzitamandira. "Waona? Silinakulume."

Lachitatu analowa mpaka pabwalo, nakhala pabenchi ya odikirira odwala. Mlonda anawafunsa ngati akufuna thandizo.

"Ayi bwana, ndikungoyendera. Ndevu zanuzo anakumetani ndani, ndikamumangitse?"

Mlonda anaseka, iwonso anaseka, ndipo anadabwa kuti munthu angathe kuseka pamalo pamenepo.

Lachinayi anafika pakhomo la khonde lalitali lopita kumawodi. Fungo lija linawalandira. Anaima, nalipuma dala katatu, thukuta likutsika padazi. Kunadutsa bedi lamatayala likulira ngati mbewa, ndipo anapezeka ali panja osadziwa kuti atuluka bwanji. Pageti anakumana ndi alamu.

"Afunsanso lero. Akuti, 'Wadazi uja wasochera?'"

"Kawauzeni ndikunola lezala. Mawa."

"Alamu, musanole kwambiri."

Lachisanu anadzuka ali munthu wina. Anasita malaya oyera. M'kachikwama anaikamo lezala latsopano, burashi, sopo, kathaulo, ndi mafuta onunkhira omwe achimwene ankati ndi a anthu ofunsira. Achimwenewo ndiwo anawagulira makina oyamba, nakhala kasitomala woyamba, n'kuyenda sabata yathunthu ndi mutu wa mizeremizere ngati munda, akuuza anthu kuti ndi sitayilo yatsopano.

Geti analidutsa osaligwira. Anamuponyera moni mlonda uja. M'khonde fungo linabwera, iwo nalowa pakati pake ngati munthu wowoloka mtsinje, akuwerenga zitseko. Mawondo anagwira. Mtima unkagunda, koma unali wawo. Pakhomo la wodi ya abambo anatsala pang'ono kuimba mluzu.

"Ali kuti mkulu wokana kumetedwa uja?" anafunsa mokweza. "Muuzeni mwini chibwano wafika!"

Palibe anaseka. Bambo wa pabedi loyamba anatembenukira kukhoma. Kumapeto kwa wodi, bedi limodzi linali lotchingidwa ndi makatani obiriwira, ndipo pansi pa katani pankaoneka mapazi a alamu, atavula nsapato imodzi.

Nesi wachikulire anawagwira pamkono.

"Ndinu ang'ono awo? Pepani bambo. Atisiya tikugawa mankhwala a m'mawa. Sipanathe ola."

Kuseri kwa katani achimwene anagona chagada, ndevu zotuwa zitaphimba chibwano chonse mpaka m'khosi. A Chipeso anali asanawaonepo ndi ndevu chibadwire. Ankaoneka ngati mlendo.

Alamu sanakweze mawu.

"M'mawa anati ndiwakhazike tsonga, ndiwaike thaulo pakhosi. Akuti mukafika musataye nthawi."

Thaulolo linali pomwepo, lokulungidwa bwinobwino pansi pa ndevu.

"Anesi," anatero a Chipeso, "mungandipatseko madzi ofunda?"

Nesi anayang'ana alamu, kenako anapita kukatenga.

Anapaka sopo pang'onopang'ono, thovu likukwera m'masaya ozizira. "Mwakhalitsa, achimwene," ananong'ona. "Pepani, kunali anthu ambiri." Anatsegula lezala, nakoka khungu ndi chala chachikulu monga mwa masiku onse, naika lezalalo pa ngodya ija ya chibwano yomwe ankaidziwa kuposa chikhatho chawo.

Dzanja linanjenjemera. Lezala linaterereka, n'kutema.

A Chipeso anathamangitsa kathaulo pabalapo, nadikira magazi. Sanatuluke.