Kabuku ka ku Malaya

Lumo linali litangofika pakati pa mutu wa mayi Enala pamene galimoto ya asilikali inaima pampopi. Amayi otunga madzi anasiya zidebe zikusefukira. A Yafeti, amene ankameta anamfedwa, anangotsala lumo lili m'malere, kukamwa kuli yasa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni a Manson, amuna a mayi Enala, kumanda a kuseri kwa dampu la dothi la mumgodi, kuno ku Mvuma. Chinawatenga ndi chifuwa cha mgodi, chomwe chija chimatenga aliyense wogwira jekihama yoboolera miyala zaka makumi awiri. Tsono mwambo wa a ku Nyasalande m'komboni muno ngwakuti bokosi la womwalira silitsegulidwa mpaka anamfedwa onse atametedwa. Abale enieni a malemu ali ku Ntcheu, ndipo ndi nkhondoyi ndani akanakwera sitima? Ndiye a Yafeti, tcheyamani wa sosayiti ya maliro, ndiwo anali amalume, ndiwo anali zonse.

Wotsika m'galimoto anali Sajeni Gadi. Ameneyutu ndi mwana wa komboni lomwelino. Amayi a pampopi amamukumbukira akuthamanga wopanda kabudula, koma lero amayankhula Chinyanja ngati walumira mbatata yotentha.

"Nematambudziko, amayi," anapepesa maliro m'chilankhulo cha kuno, atavula chipewa.

"Akaonekwa, mwanangu. Khala apo."

"Sindikhalitsa ayi. Ndabwerera kabuku kaja."

Mayi Enala anayang'ana tsitsi lawo limene linali pansalu. Kabukuko aliyense ankakadziwa. A Manson asanalowe mumgodi anali msilikali wa Keyala, ndipo anakamenya nkhondo m'nkhalango za ku Malaya. Ntchito yawo inali kulondola mapazi. Zonse zimene anaona kumeneko anazilemba m'kabuku ka chikuto chakuda, m'Chinyanja cha kumishoni.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera kaputeni wachizungu wa kumalo ophunzitsira asilikali atsopano. Anabwera Masabata atatu otsatizana, ndi mabotolo a mowa ndi nyama ya m'chitini, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mabulosi. A Manson ankawerenga, Gadi n'kumamasulira, mzungu n'kumalemba. Nsanje imene inagwa m'komboni muno! Amayi ena mpaka anasiya kupereka moni kwa mayi Enala. A Manson ankawerenga za mmene ankatchingira midzi ndi waya kuti a m'tchire afe ndi njala, mmene ankayezera mpunga pachipata, mmene ankaboolera zitini ndi msomali kuti chakudya chisakhalitse. Mzunguyo ankangoti, "Gudu, gudu. Nkhondo ya dzulo ndiye sukulu ya nkhondo ya mawa."

Kenaka a Manson anapita kukaona mwana wawo wamkazi, Dorah, amene anakwatiwa kuruzevha, kumidzi ya anthu akuda, cha kumpoto uko. Anakapeza mudzi wonse uli m'kati mwa waya. Anakhala kumeneko masiku awiri okha. Atabwerako sananene kanthu, ndipo Sabata lachinayi mzungu atafika anamuuza kuti chifuwa chavuta.

"Za waya azungu safunanso," anatero Sajeni Gadi. "Zimenezo ankazidziwa kale, ena a iwo analinso ku Malaya komweko. Chimene akufuna ndi zimene mudhara, bambo a m'nyumba muno, sanawerenge, za mapazi. Kuti phazi ili ndi la dzulo, ili ndi la munthu wosenza chakudya, uyu akuyenda chafutambuyo. Ndipo nkhani yake ndi iyi, amayi. Nedson ali ndi pepala, si choncho?"

Nedson, mzime wa m'nyumbamo, anali chiimire pakhomo, mutu uli mbee ngati dzira. Mwana wa Fomu Thu, woti ngakhale nkhuku amapempha mlongo wake kuti amuphere. Pepala loitana anyamata akuda ophunzira kunkhondo linamupeza bambo ake adakali moyo. Linkati Lolemba.

"Zolemba za mudhara palibe angaziwerenge kupatula iyeyu," Gadi anapitiriza. "Kaputeni wati akabwera ndi kabuku akhala muofesi, azikamasulira m'Chingerezi tsamba ndi tsamba. Miyezi ndi miyezi imeneyo. Popanda kabuku, masabata ochepa a maphunziro, kenaka kutchire. Ndipo ana a sukulu ngati awa, amayi, sindikubisirani, timawabweza m'mabokosi."

"Ndiye akakasake nako ndani kabukuko?"

Anali Dorah. Anabwera kumaliro ndi pasi ya masiku asanu ndi kamwana kake Tereza. Wamng'ono wake wa Tereza anamuika chaka chatha m'kati mwa waya momwemo, kutsegula m'mimba. Dorah anachoka kuno ali dunthu, amayi a pampopi ankamutcha Mai Mafuta, koma tsopano ndolo zokha ndizo ankamuzindikira nazo.

"Sisi, musayambe," anatero Nedson.

"Ndiyamba. Wosenza chakudya amene akumunenayo ukuganiza ndi ndani, nhai Nedson? Kwathu vakomana, anyamata a m'tchire aja, akati phikani, timaphika. Tikakana atipha iwo, tikaphika atipha awa. Phazi limene ukamasulirelo ndi ili." Anatukula phazi lake long'aluka. "Ulione bwino, ukalilembe m'Chingerezi chabwino."

"Mlongo, zimenezo ine sindinamve," anatero Gadi akuyang'ana kumbali.

"Imva! Sunali kudya mkute kwathu kuno iwe?"

"Dorah, khala chete," anatero mayi Enala. Mawu awo anatuluka aang'ono. "Ndaika mwamuna Lachitatu. Sindiikanso mwana."

"Nanga ine ndine mwana wa yani, amayi?"

Mayi Enala anatembenukira kwa Nedson. M'mutu mwawo munali mwadzaza Nedson yekhayekha, atavala malaya oyera, atakhala patebulo, cholembera m'manja. Dorah ankamuonanso, inde, koma ngati munthu waima kutsidya kwa njanji sitima ikudutsa.

"A Yafeti, tsegulani bokosi," anatero mayi Enala.

"Aikona," anatero a Yafeti. "Mutu uli theka? Mukufuna a Manson azititsokomolera kudenga chaka chonse? Sajeni adikire. Ngakhale boma limadikira lumo."

Ndiye Sajeni anadikira, akuyang'anayang'ana wotchi. A Yafeti anamaliza mutu wa mayi Enala mosafulumira, n'kumetanso Dorah, amene misozi inkangotsikira m'makutu osatulutsa mawu. Kumpanda kunali kutadzaza anthu, ena akunamizira kufuna nkhuku zawo.

Bokosi lachitsulo analitulutsira pabwalo. A Yafeti anapemphera pang'ono, n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi, akuchitchula dzina monga mwa mwambo. Jasi la usilikali lodyedwa ndi njenjete. Mamendulo atatu m'kachitini ka mafuta a nsapato. Baibulo. Tikiti ya sitima ya ku Limbe ya kalekale imene sanakwere. Pansi penipeni, kabuku kakuda.

A Yafeti atakanyamula anachita tsinya. Anakayeza m'manja ngati akugula nkhuku yodwala. Anakatsegula.

Munalibe tsamba ngakhale limodzi. Chikuto chokha, ulusi ukulendewera pakati, ndi tinyenyeswa ta fodya tikugwera pa bondo la a Yafeti.

A Manson moyo wawo wonse sankasuta. Anayamba atabwerako kwa Dorah, munthu wa chifuwa chotha kale, ndipo komboni lonse linkati mdala wapenga. Madzulo alionse ankakhala pansi pa mabulosi kupichira chingambwe m'pepala lolembedwa, n'kumaitana mkazi wawo ndi mfunda wake, "Nangozo, patseniko moto." Mayi Enala sadziwa kuwerenga. Ankayesa ndi timapepala takale ta kumgodi. Ndipo ankapita nalo khala la moto pa chivundikiro cha poto, tsiku ndi tsiku, ndi manja awo omwe. A Manson ankakoka, kutsokomola mpaka kugwira mtengo, n'kukokanso mpaka chitsa chiwatenthe zala.

"Maiwe," anatero Gadi chapansipansi. "Mudhara uyu."

"Gadi," anatero mayi Enala, "unawauza za Nedson? Za ofesi?"

Sajeni anatembenuza chipewa m'manja.

"Ndinawauza kawiri. Kachiwiri ndi mwezi watha, pepala litafika. Kabuku ndinakaona ndi maso angawa, kanali kadakali ndi masamba. Anati ndibwere akapeza bwino."

Mwezi watha. Mayi Enala anakumbukira kuti mwezi watha ndi pamene a Manson ankasuta kanayi, kasanu pa tsiku, ngati munthu wothamangira basi.

Gadi anaika chikutocho pabokosi pang'onopang'ono. "Lolemba seveni koloko, mfana. Galimoto idzaima pasitolo. Usachedwe, ndipo usathawe. Ukathawa adzatenga nyumbayi, ndi ya kampani."

Galimoto itachoka, anthu a kumpanda anabalalika opanda wonena kanthu, chinthu chimene sichinachitikepo m'komboni muno. Mayi Enala anatenga jasi lija, kuliyang'ana, n'kuliponya m'fumbi.

"Manson! Mwasankha ana a eni? Amene simukuwadziwa ndi maina omwe? Uyu ndinam'bereka ndekha, inu muli pansi pa mgodi!"

"Mayi, anthu akumva," anatero a Yafeti.

"Amve! Munandituma moto, Manson. Munandituma ine moto!"

Dorah anabwera kudzawagwira phewa. Iwo anamukankha. Kenaka anamukoka n'kumukumbatira, mitu iwiri yometa ikugundana, ndipo analira maliro amene sanalire Lachitatu.

Lamulungu kutchalitchi sanapite. Anachapa malaya a Nedson, kuwasita, kuwasitanso. Anakazinga mtedza wambiri woti sakanatha kuunyamula. Dorah pasi yake inkatha Lolemba lomwelo, ndiye m'nyumbamo munali zikwama ziwiri pakhomo, china chopita m'kati mwa waya, china chopita kukalondera waya.

Lolemba m'mawa kunali kamphepo. Nedson anatuluka atavala, chikuto chija chili m'manja.

"Chitaye icho," anatero mayi ake.

"Mhai, muli mawu umu. Kumapeto, ndi pensulo. Sajeni sanaone."

"Ati chiyani? Apepesa?"

Nedson anawerenga mwapang'onopang'ono, poti Chinyanja cholemba chimamuvuta pakamwa.

"Nedson. Adzakuika kutsogolo poti ndiwe mwana wanga. Maso ako azifika pansi a anzako asanafike. Ukaona phazi la mayi kapena la mwana, pondapo, ukokere nsapato ngati watopa. Ine ndinatero zaka ziwiri ku Malaya. Sanandigwire, anangoti ndine waulesi. Masokosi azikhala ouma."

"Basi?"

"Basi."

Mayi Enala anadikira kuti mwina mtima uchita kanthu, upsa kapena ukhululuka. Sunachite chilichonse. Anangomukonza kolala mwana wawo, ngakhale inali yowongoka kale.

Pasitolo hutala inalira. Dorah sanatuluke, ankamveka akufwenthera kuchipinda. Koma Tereza anali atadzuka kalekale, ndipo anali atathamangathamanga pabwalo lonse kupirikitsa nkhuku, timapazi take tili mbwee m'fumbi kuyambira pakhomo mpaka kumpanda.

Nedson ananyamula chikwama. Anayenda masitepe atatu, n'kuima, maso ali pansi. Mayi ake anayesa waiwala kanthu. Iye anaika nsapato yake ya kusukulu pa kaphazi kamodzi, n'kuikoka pang'onopang'ono. Anaponda kena, n'kukokanso. Anapita choncho mpaka kuchipata, akukhwekhwereza mwendo ngati nkhalamba, osacheuka.

Mayi Enala anatsala ataima pakhomo ndi mtedza umene anaiwala kum'patsa.